Funso la Nkhondo Limayamba ndi Odi

"Malume, kodi ndi mwano ndikawafunsa za bomba lija?"

Anandifunsa motero mwana wa mchemwali wanga tili pamkeka kuseri kwa nyumba, tikuingitsa nkhuku pampunga umene tinayanika. Anali atangophunzira kumene za Hiroshima ndi Nagasaki kusukulu, ndipo mawa lake tinkayembekezera mlendo. Mlendoyo anali mayi wachikulire wa ku Japan, amene anabwera kudzaona mdzukulu wake, mtsikana wophunzitsa masamu mongodzipereka pasukulu ina m'boma lathu lino la Salima. Achinyamata otere a ku Japan anayamba kubwera kuno m'chaka cha 1971, ndipo ambiri a ife tinadutsapo m'manja mwawo. Mayiyo atamva kuti ku Lifuwu kuli malo ofufuzirako za mpunga, anati sangabwerere kwawo asanaone mmene ife timawokerera, poti naye anakulira m'minda ya mpunga.

Sindinamuyankhe msanga mnyamatayo. Funso ngati lakelo ndinalifunsapo ndili wamng'ono kuposa iye, ndipo mpaka lero limandiotcha.

Agogo anga aamuna anali msilikali wa Keyala. Anali ndi kachitini ka fodya kamene ankasungamo mamendulo awiri atakulunga m'kansanza, ndipo ankakatulutsa kamodzi pachaka, mwezi wa Novembala. Tsiku lina ali pansi pa mtengo kunyanja akusoka ukonde, ine ndinabwera ndikuthamanga, nditangomva kwa anzanga kuti agogo anakamenya nkhondo kutsidya la nyanja yamchere. Ndinafunsa pamaso pa alovi onse amene anali pomwepo kuti, "Agogo, munapha anthu angati?" Dzanja lawo linaima pa ukonde. Sanandikalipire. Anandiyang'ana kanthawi, n'kuyika singano pansi, n'kunyamuka kukaima m'madzi ofika m'maondo, atatifulatira tonse. Madzulo ake agogo aakazi anandikokera kukhitchini n'kunditsina khutu, amvekere, "Iwe, usiku ukamamva agogo ako akubuula umaganiza kuti ndi dzino?" Kuyambira tsiku limenelo sindinafunsenso, ndipo anamwalira ndisanafunse. Ndinalakwa kawiri: poyamba pofunsa moipa, kenako poleka kufunsa.

Nkhani ya nkhondo ya Japan si ya anthu akutali ayi. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, amuna pafupifupi 30,000 a m'dziko la Nyasaland analembedwa usilikali. Ena anamenyana ndi Ataliyana ku Somaliland ndi ku Abyssinia, ena anapita ku Madagascar mu 1942, ndipo ena anawolotsedwa kudzera ku Ceylon mpaka ku Burma, dziko limene lero likutchedwa Myanmar. Kumeneko, m'chaka cha 1944, gulu la asilikali a kum'mawa kwa Africa la 11th East African Division linatumidwa kuti litsate Ajapani amene ankathawa atagonja ku Imphal ndi ku Kohima. Anadutsa m'chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yosakata, m'matope, malungo ali ponseponse, mpaka anafika pamtsinje wa Chindwin chakumapeto kwa chaka. M'njira monse ankapeza mitembo ya asilikali a Japan amene anafa ndi njala ndi kamwazi, ena atakhala tsonga pansi pa mitengo. Ajapani eni ake njira imene anathawira ija anaitcha msewu wa mafupa. Msodzi wa ku Salima ndi mlimi wa mpunga wa ku Japan anakumana m'nkhalango ya eni, aliyense atatumidwa ndi mfumu imene mwina sanaionepo ndi maso. Choncho mwana wa ku Lifuwu akamafuna kufunsa nkhalamba ya ku Japan za nkhondo, akufunsanso za agogo ake omwe, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Koma tiyambe tawerenga zaka. Nkhondoyo inatha pa 15 Ogasiti 1945. Amene anagwira mfuti ali ndi zaka 18 m'chaka chimenecho, lero akuyandikira zaka 100, ndipo otsala ndi owerengeka, kuno ndi uko komwe. Nkhalamba ya ku Japan imene mungakumane nayo lero, ya zaka 80 kapena 90, nthawi imeneyo inali mwana. Siinalamule nkhondo, siinaombere munthu. Chimene ikukumbukira ndi kulira kwa ndege usiku, kusamutsidwa m'tauni kukakhala kumidzi kutali ndi makolo, njala, ndiponso bambo kapena mchimwene amene sanabwerere. Usiku umodzi wokha, pa 10 Malichi 1945, mabomba amoto anapha anthu pafupifupi 100,000 mumzinda wa Tokyo. Ku Hiroshima, pofika kumapeto kwa chaka chimenecho, anali atafa anthu pafupifupi 140,000, ndipo ku Nagasaki oposa 70,000. Pachilumba cha Okinawa nkhondo inadutsa m'midzi ya anthu wamba kwa miyezi itatu. Munthu akafunsa mayi wotere ngati akumuzenga mlandu wa dziko lake, amakhala akuzenga mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene anagona m'dzenje akunjenjemera.

Pali zifukwa zomveka zokhalira chete, ndipo sindizipeputsa. Chilonda cha nkhondo chimapola pamwamba pokha. Madokotala masiku ano ali ndi dzina la matenda a munthu amene zoopsa zimene anaona zimamubwerera m'tulo, koma agogo aakazi anawadziwa matendawo popanda buku, pomva kubuula. Funso limodzi lofunsidwa mwachibwana likhoza kumulanda munthu tulo sabata yathunthu, wofunsayo atapita kale kukaonera mpira. Ku Japan kulinso china. Opulumuka bomba la atomiki, amene amatchedwa hibakusha, anasalidwa kwa zaka zambiri. Anthu ankaopa kuti adzabereka ana olumala, motero ankawakana ukwati ndi ntchito, ndipo ambiri anabisa kumene anali tsiku limenelo ngakhale kwa ana awo enieni. Ife amene tinaona mmene anthu ankabisira matenda a Edzi m'zaka za m'ma 1990 tikudziwa kulemera kwa chinsinsi chotere. Kuwonjezera apo, Ajapani, monga ifenso, sakonda kuchititsa mlendo manyazi kapena kumukana poyera. Mukawafunsa chowawa akhoza kumwetulira n'kuyankha mwaulemu, inu n'kumati zayenda bwino, pamene mwawaponda pachilonda.

Ulemu woterewu ife tili nawo kale, sitikuchita kubwereka. Kuno kunyanja Ayao ndi Achewa timakwatirana, timakokera khoka limodzi, timaikana maliro. Koma tonse tikudziwa kuti zaka za m'ma 1800 panali ogwira ndi ogwidwa, kuti ngalawa zinkawolotsa akapolo kuchokera kwa Jumbe ku Nkhotakota, ndiponso kuti Makanjira kutsidyaku anamenyana ndi Angerezi mpaka kupha Captain Cecil Maguire mu 1891. Palibe amene amadzutsa nkhani ya ukapolo pa siwa kapena pa sadaka. Si kuti taiwala. Timadziwa kuti nkhani ili ndi malo ake ndi nthawi yake, ndipo woiyambitsa pamalo olakwika timati alibe mwambo.

Komabe ndikana kuti kukhala chete ndiye yankho lonse. Tangoonani zimene tikanataya. Pa nkhondo yoyamba, imene makolo athu anaitcha ya Chiwaya, nkhondo inafika pa nyanja yathu yomwe ino mu Ogasiti 1914, pamene sitima ya Guendolen inakaphwanya sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann, ndipo mwezi wotsatira kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Amuna pafupifupi 200,000 anatengedwa kukhala amtengatenga, onyamula katundu pamutu mpaka ku Tanganyika ndi ku Mozambique, ambiri n'kufera m'njira. John Chilembwe analemba kalata yodandaula kuti chifukwa chiyani amphawi a kuno akufera nkhondo ya eni, miyezi iwiri asanayambe kuukira mu Januwale 1915. Chipilala cha Keyala ku Zomba chili ndi mayina a asilikali, koma khamu la amtengatenga lija silinalembedwe pamwala. Zimene timadziwa za iwo, zambiri zinapulumuka chifukwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 katswiri wa mbiri yakale Melvin Page ndi ophunzira a ku Chancellor College anayenda m'midzi n'kukhala pansi ndi nkhalamba zimene zinali zidakali moyo. Akanati aope mwano, nkhalambazo zikanapita nazo kumanda. Za ku Burma ife a m'banja mwathu tinaopa, ndipo chimene tatsala nacho ndi kachitini ka mamendulo awiri. Timavina beni ndi mganda, timaguba, timavala yunifomu ndi kuchita sawasha monga ankachitira obwera kunkhondo, koma sitidziwa zimene anaona amene tikuwatsanzirawo.

Ku Japan nakonso, nkhalamba zambiri zinafika pozindikira kuti kukhala chete kukuthandiza nkhondo ina. Mu 1956 opulumuka bomba anakhazikitsa bungwe la Nihon Hidankyo, n'kuyamba kuyenda m'masukulu ndi m'mayiko kufotokoza zimene anaona, ena akuonetsa zipsera zawo. Bungweli linalandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2024. Chaka chotsatira chiwerengero cha opulumuka amene ali moyo chinatsika pansi pa 100,000 kwa nthawi yoyamba, ndipo ambiri apitirira zaka 85. Mzinda wa Hiroshima unayamba kuphunzitsa achinyamata kuti asenze nkhani za okalambawo n'kumazifotokoza eni akadzapita. Ndiye si zoona kuti nkhalamba za ku Japan sizifuna kulankhula za nkhondo. Zilipo zimene zikufunafuna khutu usana ndi usiku. Zilipo zimene zinalumbira kuti sizidzatsegula pakamwa. Vuto ndi lakuti simungazisiyanitse poyang'ana nkhope.

Apa ndi pamene ndimaona kuti anthu amasokoneza zinthu ziwiri. Pali chete wa munthu wovulala, ndipo pali chete wa boma kapena wa wolakwa amene akufuna kuti mlandu uzizire. Woyambayo ayenera ulemu. Wachiwiriyo sayenera ulemu uliwonse. Asilikali a Japan anachita zoopsa ku China, ku Korea, ku Philippines ndi kwina. Ku Nanjing mu Disembala 1937 anapha anthu wamba ndi kugwirira amayi mosawerengeka. Atsikana ambiri anatengedwa mokakamiza kukhala akapolo ogonedwa ndi asilikali, ndipo nkhani yawo inakwiriridwa mpaka mayi Kim Hak-sun wa ku Korea ataima poyera mu 1991 n'kunena zimene zinamuchitikira. Mphunzitsi wa mbiri yakale Saburo Ienaga analimbana ndi boma la dziko lake m'makhoti kwa zaka 32, kuyambira 1965 mpaka 1997, chifukwa linkafufuta zoterezi m'mabuku a sukulu. Nduna yaikulu Tomiichi Murayama inapepesa mu 1995, koma mpaka lero andale ena akapita kukagwada kukachisi wa Yasukuni, kumene amalemekezako akufa kunkhondo kuphatikizapo atsogoleri 14 amene anaimbidwa milandu ikuluikulu ya nkhondo, ku China ndi ku Korea mitima imawawa. Zimenezi ziyenera kunenedwa, m'mabuku, m'kalasi, m'nyumba za malamulo, mokweza. Ifenso tikudziwa chete wolamulidwa. Kwa zaka zambiri palibe amene akanayerekeza kufunsa poyera mmene Aaron Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anafera ku Mwanza mu 1983, ndipo kusafunsako sikunali ulemu, kunali mantha.

Koma mlandu wa boma sufunsidwa kwa gogo amene wabwera kudzaona mdzukulu wake. Iye angathe kuyankha za moyo wake wokha. Kumusenzetsa Nanjing pamkeka panu kuli ngati kufunsa mayi wokalamba wa ku Mangochi kuti ayankhe za ngalawa za Makanjira. Ngati iye mwini ayamba kukana kuti zoipazo zinachitika, pamenepo mpata wotsutsa ulipo, mwaulemu koma mosabisa. Ngati sanayambe, mlendo ndi mame.

Ndipo nkhaniyi sikhudza alendo okha. Pakati pathu pali amayi amene anathawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ku Mozambique, pamene dziko lino linasunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi maboma ena, mtendere usanasainidwe ku Rome mu Okutobala 1992. Ambiri anabwerera, ena anakwatiwa kuno n'kukhala athu. Pali madoda amene ankalondera njanji ya ku Nacala m'zaka zomwezo. Ndipo pokhala pafupi ndi koleji ya asilikali ya MAFCO ndiponso asilikali a parachuti a ku Senga Bay, timakwera minibasi imodzi ndi anyamata amene abwera kuchokera ku Congo, kumene anzawo asanu ndi mmodzi anaphedwa pafupi ndi Beni mu Novembala 2018. Ndamvapo ndi makutu anga kondakitala akufunsa msilikali wotere funso langa lomwe lija, loti anapha angati, anthu n'kuseka. Msilikaliyo anangoyang'ana pawindo mpaka kukatsika.

Zimene ndinamuuza mwana wa mchemwali wanga madzulo amenewo n'zimene ndikanafuna wina akanandiuza ndili mwana. Ndinati, "Ukafika pakhomo la munthu umatani?" Anati, "Ndimati odi." Ndinati, "Akapanda kuyankha umakankha chitseko?" Anaseka n'kupukusa mutu. Ndinamuuza kuti asayambe ndi bomba, ayambe ndi mpunga. Awafunse kuti anakulira kuti, ankadya chiyani ali ana, kusukulu ankayenda mtunda wotani. Munthu wobadwa m'zaka zimenezo, ukamufunsa za ubwana wake, nkhondo imakhala ili chiimire kuseri kwa yankho lililonse. Akafuna, aitulutsa yekha. Akapanda kufuna, apotoza nkhani, ndipo iwe upotoke nawo osaumirira. Usafunse pagulu, usafunse ndi foni m'manja ukujambula, ndipo akayamba kulankhula usawadule ndi zimene unawerenga m'buku kuti aone kuti ndiwe wanzeru. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawa lake mlendo anafika. Anali wamfupi, tsitsi lonse la imvi, atavala chipewa chansalu chachikulu. Tinayenda naye m'mizere ya m'sikimu, mdzukulu wake akumasulira. Anawerama n'kuzula mbande imodzi panazale, kuyang'ana mizu, n'kuibwezera m'matope ndi zala zitatu mofulumira kuposa ife eni munda. Anafunsa za faya ndi kilombero, ananunkhiza mpunga wopunthapuntha m'dzanja lake n'kunena kuti wakwawo sununkhira chonchi. Mnyamata uja anamufunsa za kuingitsa mbalame, ndipo anaseka pofotokoza kuti nayenso inali ntchito yake ali mwana.

Titabwerera kunyumba mchemwali wanga anabweretsa tiyi ndi mbatata yophika. Mayiyo analandira mbale ndi manja awiri, kuiyika pamwendo, osadya. Mchemwali wanga anada nkhawa kuti mwina yasukuluka. Mdzukuluyo ananong'oneza kuti agogo ake sadya mbatata, ndipo kwawo sanafunsepo chifukwa. Tonse tinangokhala duu. Mnyamata uja anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Agogo, kodi ali ana ankaidya kwambiri?"

Mayiyo anayamba kulankhula, ndipo analankhula nthawi yaitali, mdzukuluyo akumasulira pang'onopang'ono, nthawi zina akuima chifukwa nayenso ankazimva koyamba. Anati mpunga umene ankalima unkatengedwa ndi boma, iwo n'kumadya mbatata m'mawa, masana ndi madzulo, ikatha ankadya masamba ndi mitsitsi yake. Anati anthu a m'tauni ankabwera ndi zovala zawo zaukwati kudzasinthanitsa ndi chakudya, mayi ake n'kumalira powapatsa mbatata zochepa chonchija. Anati amalume ake anapita kunkhondo kuzilumba za kum'mwera, ndipo chimene chinabwerako ndi kabokosi koyera. Agogo ake aakazi atakagwedeza anamva kulira kwa kanthu kamodzi, atatsegula anapezamo mwala. Mabanja ambiri a ku Japan analandira mabokosi otere, ndipo mafupa a asilikali oposa 1 miliyoni sanabwerere kwawo mpaka pano. Za bomba sanatchule, ndipo mnyamatayo sanafunse.

Atamaliza anamwa tiyi amene anali atazizira kale. Kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati nkhondo imeneyo inafikanso kuno. Mtima unagunda. Ndinaganiza zoti ndingoti ayi, inali kutali, koma iye anali atatsegula chitseko chake ndipo sindikanatha kutseka changa. Ndinalowa m'nyumba n'kutenga kachitini kaja. Ndinamuuza kuti agogo anga anapita ku Burma, kukamenyana ndi anthu akwawo. Mdzukuluyo anazengereza asanamasulire, koma anamasulira.

Mayiyo anamasula kansanza kaja, n'kuyang'ana mamendulowo kutsogolo ndi kumbuyo. Anafunsa funso limodzi lokha.

"Kodi anabwerako?"

"Anabwerako, mayi. Anakalamba, tinawaika konkuno."

Anakulunganso mamendulowo mosamala monga anawapezera, kundibwezera ndi manja awiri, n'kuwerama mutu mpaka chipewa chake chinatsala pang'ono kugwa. Mdzukuluyo anati agogo akuti ndi zabwino kuti anabwerako. Kenako mayiyo anafunsa kuti ankanena zotani za kumeneko, ndipo ine ndinalibe choyankha.